Zimene Ndinamuuza Mzime Kuti Asanene

Okondedwa Achemwali,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu kumeneko. Miyendo ija inasiya kutupa? Nanga agogo amene mumawasamalirawo, akadalavulabe mankhwala mukatembenuka? Kuno tilipo. Chifuwa chinandigwira sabata yatha koma chapita, ndipo kushopu mayunifomu andichulukira moti makina sakuzizira. Mzime wanu akudya bwino. Watalika, siketi ija munatumiza ndaimasula kale mpendero kawiri.

Mudabwa kuti ndalemba kalata pamene foni ilipo. Pafoni mumandidula mawu, ndipo ine ndikadulidwa ndimasochera. Werengani mpaka kumapeto, mukatero mundikalipire bwinobwino.

Mwezi watha munandifunsa chifukwa chimene Mzime sakuchezanso nanu ngati kale. Munati amangoyankha kuti "eya", "ayi", kenako n'kundibwezera foni. Munafika ponena kuti kapena ine ndikumudyetsa mawu kuti akuiwaleni. Zinandipweteka, ndipo ndinakuyankhani mwamwano. Yankho loona ndi limene ndikulemba panoli.

Teremu ino itangoyamba ndinaitanidwa kusukulu. Akuti tsiku limenelo kunali mphepo, ndiye aphunzitsi a masamu anatseka chitseko cha kalasi n'kukankha kachitsulo kake. Mzime anadzuka pampando n'kuthamangira kuchitsekoko. Aphunzitsi atamugwira mkono kuti abwerere, anawaluma mpaka mano kudinda. Mwana wanu yemwe uja, amene amapepesa ngakhale mpando akaugunda.

Ndinapita nditakonzeka kugwada kwa ahedi n'kulandira chilango. Koma ahedi anangondipatsa moni n'kundilozera kachipinda kena kuseri kwa laibulale. Akuti kuli mayi amene amaona za ana amene zinthu zikuwavuta mumtima kapena kunyumba, ndipo nkhani ngati imeneyi imayambira kwa iwo.

Kachipindako kalibe ngakhale desiki, Achemwali. Muli mipando iwiri yofanana, mkeka pansi, chitini cha makrayoni, ndi chitseko chotsekula chimene anachitchinjiriza ndi njerwa. Mayiwo ndi wamng'ono kwa ine, woonda, wa nsapato zafulati. Pamiyendo anali ataikapo fayilo yachikasu. Kuchokera tsiku lomwelo ndimawatchula Mayi Fayilo, ndipo dzina lawo lenileni ndinaliiwala dala.

Inu mukundidziwa. Munthu akandikalipira ndimadziwa poima. Koma munthu woyankhula pang'onopang'ono, wokufunsa ngati wayenda bwino pamene mwana wako waluma mphunzitsi, ameneyo ndimamuopa. Mumtima ndinati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Anandiuza kuti iwo safunsa kuti mwana walakwa chiyani, amafunsa kuti chinamuchitikira n'chiyani. Akuti mwana amene anaonapo zoopsa, thupi lake limathawa mutu usanaganize. Kenako anandifunsa ngati kunyumba kunachitikapo kanthu miyezi yapitayi, kaya maliro, kaya ngozi, kaya kusamuka. Ndinati palibe, ife tili pamtendere. Anagwedeza mutu, ndipo sanalembe chilichonse. Kusalembako ndi kumene kunandisowetsa mtendere. Ndinati uyu akusunga m'mutu kuti akalembe ine nditachoka.

Chilango sichinaperekedwe. Anangomusuntha Mzime kuti azikhala pafupi ndi chitseko, n'kumupatsa kakhadi kobiriwira. Akaona kuti mtima wayamba kuthamanga, amaika kakhadiko padesiki n'kutuluka osapempha, ndipo mphunzitsi samufunsa. Lachitatu lililonse ikakwana nthawi yopuma amapita kwa Mayi Fayilo. Mwana waluma munthu, mphoto yake n'kumatuluka m'kalasi mmene wafunira. Ine zimenezi sizinandilowe.

Ndiye kunabwera mayi wina kushopu kudzayesa diresi laukwati wa mwana wake. Ndili ndi mapini kukamwa, ndinangotchulako pang'ono za nkhaniyi. Iye anati ndichenjere, anthu a mafayilowo ndi amene amalanda ana. Akuti amayamba ndi makrayoni, mwana n'kumasuka n'kuulula za kunyumba, tsiku lina umangoona galimoto yaima pakhomo. Ndinamubaya ndi pini m'chiuno mwangozi, ndipo sindinapepese mokwanira.

Kuyambira pamenepo ndinasanduka wapolisi m'nyumba mwanga momwe. Lachitatu lililonse Mzime akangovula nsapato ndinkamupanikiza kuti anene zimene wafunsidwa. Iye ankati safunsidwa kanthu. Akuti amajambula, nthawi zina amaponyerana kampira, nthawi zina amaphunzira kupuma. Ndinaseka mwaukali. Munthu wamkulu angathere zaka kusukulu kuti adzaphunzitse ana kupuma, ngati anabadwa asakudziwa? Ndinatsimikiza kuti mwanayo wauzidwa zoti azindiyankha.

Ndinafufuza m'chikwama chake iye akusamba. Ndinatsegula makope onse tsamba ndi tsamba. Sindinapezemo chilichonse chonena za ine, koma m'malo momasuka ndinati ndiye kuti zonse zatsala m'fayilo muja.

Lachitatu lina ndinatseka shopu dzuwa lili pamutu, n'kupita kusukuluko. Ndinadutsa kumbuyo, kumene kuli thanki yamadzi, n'kuima pansi pa zenera la kachipinda kaja ngati wakuba. Kwa nthawi yaitali sindinamve mawu alionse, koma krayoni ikukwecha papepala. Kenako Mayi Fayilo ananena kanthu kena motsitsa, ndipo Mzime anaseka. Achemwali, kuseka kumene kuja kokhala ngati akutsamwa, kumene ndinali nditatha miyezi inayi osakumva m'nyumba mwanga. Ndisakunamizeni, sindinasangalale. Ndinachita nsanje.

Mlonda ndi amene anandipeza. Anandifunsa mokweza chimene ndikufuna kuseri kwa thanki, ndipo Mayi Fayilo anasuzumira pazenera. Manyazi amene ndinachita, bola nthaka ikanang'ambika. Iwo sanadabwe n'komwe. Anamufunsa Mzime ngati angalole kubwerera kukalasi kuti iwo acheze ndi mayi ake aang'ono, mwanayo atavomera anandiitana kuti ndilowe.

Sindinadikire kukhala pansi. Ndinawauza kuti ngati akufuna kundilanda mwana anene poyera, asiye zozungulira ndi makrayoni. Anandiyankha kuti sandinamiza. Akuti akaona kuti mwana ali pangozi lero, lamulo limawakakamiza kukanena, ndipo zimenezi anamuuza Mzime tsiku loyamba lomwe. Koma kulanda ana si ntchito yawo, ntchito yawo ndi yoti mwanayu athe kukhala m'kalasi mtima uli m'malo.

Ndinati ndiye andiuze zimene mwanayo wakhala akunena za ine. Anakana. Akuti zimene mwana wawauza sapita nazo kwa wina popanda iye kudziwa. Koma anati chimodzi angandiuze, chifukwa si chimene wanena koma chimene sananene. Za kunyumba Mzime sanatchulepo ngakhale liwu limodzi. Iwo angoona kuti akamawotcha zinyalala kuseri kwa sukulu mwanayo amanjenjemera, ndipo nkhani ikayandikira pena pake amadzigwira pakamwa ndi dzanja. Anati, "Mwana ameneyu akusunga mawu a munthu wamkulu amene amamukonda kwambiri. Ine sindimukakamiza. Koma akumulemera."

Tsopano khalani pansi, Achemwali, ngati mukuwerenga mutaima.

Miyezi inayi izi zisanachitike, Loweruka lina masana, ndinkasita malaya a kasitomala kunyumba ndi simbi yamagetsi. Magetsi anazima ndili pakati. Ndinaisiya simbiyo chogona pamalayapo, osaizula, poti inali itayamba kale kuzizira. Ndinatenga diresi lina kuti ndikapereke kumsewu wachiwiri. Mzime anali akugona kuchipinda chifukwa mutu unkamupweteka. Masiku amenewo kunali kutabedwa nyumba ziwiri pamzere wathu, ndiye ndinakhoma chitseko ndi loko kunja, mmene ndinkachitira nthawi zonse. Ndinati ndikangopereka n'kubwerera.

Magetsi anayaka ine ndili kumeneko, ndikucheza za ziii. Malaya anagwira moto, kenako tebulo, kenako katani. Mawindo athu mukuwadziwa, ali ndi zitsulo. Mwana wanu anamenya chitseko mpaka zikhatho kutupa. Amene anamumva ndi bambo wowotcherera zitsulo uja wa nyumba yoyandikana nafe, ndipo anathyola loko ndi hamala. Ine ndikufika ndinapeza anthu ali ndi ndowa m'manja, Mzime atakhala pansi panja akutsokomola, nkhope ili bii.

Kuchipatala anati sanapse paliponse, ndi utsi chabe, ndipo tinabwerako tsiku lomwelo. Panjira ndinamugwira dzanja n'kumuuza kuti asadzanene zimenezi kwa wina aliyense, makamaka kwa inu. Ndinati mukamva, magazi anu adzathamanga mudzagwa kuntchito, ndipo lidzakhala vuto la iye amene wanena. Mwana wa zaka khumi ndi chimodzi ndinamuuza mawu amenewo.

Za magazi anuzo linali bodza. Ndinkaopa kuti mudzanditengera mwana. Munandisiyira ali ndi zaka zisanu, akukodzabe pogona, ndipo ine wanga Mulungu sanandipatse. Ndinapenta khoma, ndinasoka katani yatsopano, ndinati zatha. Iye ndiye anasiya kutseka chitseko ngakhale cha kubafa, anasiya kuseka, ndipo pafoni amakuyankhani mwachidule poopa kuti pakamwa pangaterereke. Inu mumati wakuiwalani, pamene iye amati akukusungirani moyo.

Ngakhale tsiku limene lija kwa Mayi Fayilo sindinaulule. Ndinangoti ndamva. Iwo anatulutsa fomu m'fayilo muja. Akuti kuchipatala chachikulu kuli dokotala amene amathandiza ana amene anaona zoopsa, ndipo akuganiza kuti Mzime akuyenera kuonana naye chifukwa iwo paokha afika pamene angathe. Koma fomuyo imafuna siginecha ya kholo limene linalembedwa m'buku la sukulu. Kholo limenelo ndi inu.

Ndinaona kuti ndatsekeredwa pakona, ndipo ndinakhulupirira kuti achita dala. Kukutumizirani fomu ya dokotala wotere, inu n'kusafunsa chifukwa chake, zikanatheka bwanji? Ndiye ndinakumbukira kuti dzanja lanu ndimalidziwa. Paja tili atsikana ndinkakulemberani makalata opepesa kusukulu mukajomba.

Lamlungu titabwera kutchalitchi ndinakhala pamakina, ndinatenga pepala lodulira zovala, n'kuyamba kuyeserera siginecha yanu kuseri kwake. Ndinalemba kasanu ndi kawiri, mchira uja mumaukoka kumapeto unali utayamba kufanana. Sindinamve kuti Mzime walowa. Ndinangoona chithunzithunzi chake papepalapo. Anayang'ana fomu, anayang'ana zimene ndalembazo, ndipo anandifunsa mofatsa ngati akufunsa za mchere:

"Mayi aang'ono, izinso ndisanene?"

Achemwali, ndakhala ndikutukwanidwa ndi makasitomala, ndinatukwanidwa ndi apongozi anga mpaka banja kutha, koma palibe mawu amene anandilasa ngati amenewo. Sanali kundinyoza ayi. Ankangofuna kudziwa kuti asalakwitse.

Ndinang'amba pepala lija. Ndinamukhazika pamiyendo, ngakhale miyendo yake tsopano imafika pansi, n'kumuuza kuti ndinamulakwira. Ndinati moto uja unali kulakwa kwanga, lokoyo kunali kulakwa kwanga, ndipo mayi ake sangafe chifukwa chomva zoona. Ndinati anene kwa aliyense amene akufuna. Iye anafunsa ngati inu mudzamukwiyire chifukwa chokubisirani. Ndinamulonjeza kuti simudzatero. Ndalonjeza m'dzina lanu osakupemphani, koma lonjezo limeneli musandiphwanyire.

Lolemba m'mawa ndinapita ndekha kwa Mayi Fayilo n'kunena zonse. Ulendo uno analemba, ndipo anandiwerengera zimene alembazo kuti ndimve. Anati adzabwera kunyumba kudzaona mmene timakhalira, ndipo anandifunsa ngati ndimakhomabe mwana m'nyumba. Ndinati loko ndinataya tsiku lomwe lija. Sanandilonjeze kuti nkhaniyi ithera m'kachipinda kawo, ndipo ine sindinganene kuti ndawakhulupirira ndi mtima wonse. Fayilo ija ndimaiopabe. Koma Lachitatu lapitali Mzime anawauza yekha za motowo, ndipo akuti anamaliza nkhani yonse dzanja lili pamwendo, osati pakamwa.

Fomu ndaiika m'envulopu yomweyi, yopanda cholembedwa chilichonse. Musayine pamene pali kamtanda n'kuibweza msanga. Mukaimba Lamlungu, yambani ndi iye, osati ine. Musamufunse mafunso ambiri. Muuzeni kuti mwamva, kuti muli bwino, ndiponso kuti iye sanalakwe. Zanga mundiuze pambuyo pake, iye atatuluka panja.

Ndikudziwa kuti mukafika pano mwayamba kale kuganiza zomutumiza kwa achimwene. Mwana ndi wanu, ndipo ine ndilibe pakamwa pokanira. Mukatero ndidzamuchapira zovala n'kumulongedzera ndekha. Ndikupempha chinthu chimodzi chokha. Kwa achimwene n'kutali ndi sukuluyi, ndipo kumene angakalowe sitikudziwa ngati kuli munthu wodziwa kudikira mwana mpaka ayankhule yekha. Ngati mukumuchotsa kwa ine, mupezereni pokhala pafupi, ngakhale kwa amayi a kutchalitchi aja munkagwirizana nawo. Mumuchotse kwa ine, koma musamuchotse kwa Mayi Fayilo.

Mundiperekere moni kwa msuweni wathu amene mukukhala naye, mumuuze kuti nsalu yake ndinaisunga. Achimwene ndi alamu akupereka moni, iwo sakudziwa kanthu, ndasiya kuti muyambe mwamva ndinu. Mulungu akusungeni ndi kukupatsani mphamvu pantchito yanu.

Ndine mng'ono wanu,
amene munamusiyira mwana.