Mbande Zomwe Zinafa M'chipinda Chapansi: Msonkhano wa Komiti ya Dimba

Tsiku: Loweruka, pa 9 Ogasiti
Malo: Chipinda chapansi, pafupi ndi makwerero
Analipo: Wapampando, Mlembi, Amisiri a magetsi, Anamwino, ndi bambo awo a Anamwino, omwe tonse timawatchula kuti Adalaivala
Sanabwere: Atelala (anapepesa)

1. Kutsegula

Wapampando anatsegula msonkhano nthawi ya 2 koloko masana. Anakumbutsa komiti mawu a eni nyumba, akuti kabwalo kakuseri kakapanda kubzalidwa pofika kumapeto kwa Okutobala, adzathirapo simenti kuti pakhale poimika magalimoto. Kunja kukuzizirabe, n'chifukwa chake tinafesera m'nyumba, pansi pa nyale.

2. Za mbande

Mlembi ananena kuti mwa mathireyi asanu ndi limodzi a tomato, anayi afa. Mbande zinawola patsinde n'kugwa.

Anamwino anati vuto ndi nyale, zapachikidwa m'mwamba kwambiri, mbande zinangotalika ngati ulusi. Amisiri anayankha kuti akhala akugwira za magetsi zaka makumi atatu ndipo sanaphepo chomera. Anamwino anati ndiye ayamba chaka chino. Wapampando anapempha bata.

Amisiri anapisa chala m'thireyi n'kuonetsa komiti. Dothi linali chinyontho chokhachokha, chonsecho ndandanda imati tizithirira kawiri pa sabata.

3. Mawu a Adalaivala

Adalaivala, omwe amasunga makiyi a chipindachi, anaimirira chipewa chili m'manja. Anati wolakwa ndi iwo. Njere za tomatoyu anasiya ndi malemu akazi awo, omwe ankasunga mtundu umenewu chaka ndi chaka. Adalaivalawo akhala akutsika katatu pa tsiku ndi jagi ya madzi kudzathirira mbande.

Anapempha kuti mawu awa alembedwe momwe anawanenera: "Ndimati ndikaziona zili zii, ndimaganiza kuti zili ndi ludzu. Sindinkadziwa china choti ndizichitire."

Anamwino anati, "Ababa, bwanji simunandiuze?" Adalaivala anangoika makiyi patebulo.

Msonkhano unaima kwa mphindi zisanu.

4. Zomwe tagwirizana

Wapampando anafunsa ngati njere zilipo zotsala. Adalaivala anatulutsa envulopu m'thumba la jekete. Titawerenga, zinapezeka 43. Komiti inagwirizana kufesanso lero lomwe.

(a) Mathireyi atsukidwe ndi madzi otentha, dothi likhale latsopano.
(b) Nyale zitsitsidwe, zitalikirane ndi masamba zala zinayi. Amisiri anavomera, koma anapempha kuti zilembedwe kuti nyale si zomwe zinawoletsa mbande. Zalembedwa.
(c) Nyale ziziyaka maola 16 pa tsiku.
(d) Kuthirira kukhale kwa Anamwino okha. Jagi achoke nayo.
(e) Njere khumi zisafesedwe, zisungidwe.

Pa za makiyi, Amisiri anati palibe wina m'nyumba muno angatsike makwerero katatu pa tsiku osalipidwa, choncho makiyi abwerere kwa mwini wake. Adalaivala aziyeza mbande ndi rula m'mawa uliwonse n'kumakweza tcheni cha nyale zikamakula. Onse anakweza manja.

5. Zina ndi zina

Adalaivala anafunsa ngati kukhala pansi m'chipindamo n'kololedwa, popanda kugwira kanthu. Wapampando anati n'kololedwa. Amisiri analonjeza kubweretsa mpando wokhala ndi potsamira.

6. Kutseka

Msonkhano wotsatira udzakhala Loweruka, pa 23 Ogasiti. Wapampando anatseka nthawi ya 3:20, ndipo onse anatsala kutsuka mathireyi.

Wapampando: ______________
Mlembi: ______________