Beseni la Amayi pa Chitunda cha ku Greenbelt

Greenbelt, Maryland
30 Januwale

Wokondedwa mng'ono wanga Gwendoline,

Ndikhulupirira kalatayi ikupeza uli bwino pamodzi ndi alamu anga ndi ana. Kaya chifuwa cha Alvin chija chinatha? Nanga mvula ikugwa bwanji ku Nchaloko? Ife kuno tili bwino. Alamu ako a Cedric ali bwino, ine ndiye ndatopa zedi, ndikuyenda ngati bakha. Adokotala akuti tiyembekezere kumayambiriro kwa Malichi.

Kalatayi ndapatsira a Mac amene akubwera kumudzi sabata yamawa. Ndasankha kulemba chifukwa pafoni iwe umandidula mawu ndi phwete lako lija, pamene nkhaniyi ikufunika uimve mpaka kumapeto. Kumapetoko kuli pempho.

Ukudziwa kuti amayi anabwera mu Novembala kudzandidikirira. Chifikireni, munthu wa ku Chikwawa wozolowera kugona pakhonde chifukwa cha kutentha, panja ankapondapo Lamulungu lokha popita kutchalitchi. Masiku ena onse ankakhala pafupi ndi hita, majuzi ophatikiza, mpango kumutu, bulangete pamwamba, maso okha ndiwo akuoneka. Ukawafunsa kuti adzuka bwanji, yankho linali limodzi, lakuti kuzizira kwalowa m'mafupa.

Chaka chitangoyamba anandituma kuti ndiwauze apongozi awo a Cedric asinthe tikiti, iwo abwerere kwawo mwezi uno usanathe. Akuti sanakwere ndege kudzafera mufiriji.

Gwendo, ndinalira. Ukukumbukira kuti pa mimba yoyamba ija ndinapita padera ndili ndekhandekha m'chipatala, wondigwira dzanja palibe. Ulendo uno ndimafuna kuti ndikamabuula, dzanja la amayi likhale pamsana panga. Koma ungamukakamize bwanji munthu wamkulu amene akunjenjemera m'nyumba mwako? A Cedric anazengereza masabata angapo, kenako analonjeza kuti asintha tikitiyo Lolemba. Ndikuulule, mng'ono wanga: ine ndinagwada n'kupempha Mulungu kuti sinowo igwe yambiri mpaka ndege zileke kuuluka.

Lachisanu inagwadi. Sinowo ndi madzi oundana, koma amagwa mwakachetechete ngati thonje, n'kukwirira magalimoto, misewu ndi mitengo yomwe. Loweruka kunacha koyera mbee, kumwamba kopanda mtambo, dzuwa lili phwee. Amayi atasuzumira pawindo nkhope inawala. Amvekere, "Lero ndiye kwatuluka dzuwa lakwathu."

Pompo anati asanachoke achapiretu zitenje ndi matewera amene anabweretsera mdzukulu wawo. Akuti nsalu za khanda zimayanikidwa padzuwa, osati kuziponya m'makina oumitsira zovala omwe amazitulutsa zikununkha chopserera. Anachapira m'beseni lalikulu lapulasitiki limene anatiumiriza kukagula ku Annandale, poti bafa la kuno analikana kuti simungasambitsiremo mwana. Ndinawauza kuti dzuwa la kuno nyengo ino limangowala, silitentha. Anandiyankha kuti iwo anayamba kuchapa ine ndisanabadwe.

Anavala jombo ndi jekete la a Cedric, chitenje pamwamba, beseni pamutu, ulendo. Kuseri kwa mafulati athu kuli chitunda chimene ana amatsetserekapo atakhala pa timbale tapulasitiki kukagwa sinowo, ndipo pamwamba pake pali mpanda wawaya woyang'ana kudzuwa. Amayi anayanika pamenepo bwinobwino n'kubwerera kukakhala pa hita yawo.

Masana atati akukaanula, ine ndinawatsatira pang'onopang'ono, a Cedric atandigwira mkono. Pachitundapo tinapezapo a Chileshe, mayi wa ku Lusaka woyandikana nafe, akuyang'anira ana awo.

Zitenje zinali zitauma ndithu, koma osati kuuma kumene amayi ankafuna. Zinali gwa ngati malata. Anachotsa chimodzi, chinaima chokha. Anayesa kuchipinda, chinakana. Anachigogoda ndi chala, chikumveka go go go. Apa mtima unawapsa. Amvekere, "Dziko lanji ili, nsalu kusanduka chitseko? Ndipite kwathu ine!"

Thewera lina linali litamatirira kuwaya. Analikoka mwaukali, linachoka mwadzidzidzi, jombo zazikulu zija zinawapereka, ndipo anabwerera chambuyo n'kukhala khu! m'beseni limene anaika kumbuyo kwawo. Beseni linatembenuka kamodzi, n'kuuyamba wakumunsi.

Gwendoline, amayi ako, mayi wa Mvano, mlangizi wolemekezeka wa mpingo, anatsika chitunda chonsecho miyendo ili m'mwamba, thewera louma ali nalo m'manja, mpango ukuuluka. A Chileshe anakuwa kuti, "Mayo! Ba Cedric tamangani, ba mbuya bayenda!" Ana onse ndiye anayamba kulumphalumpha akufuula kuti, "Go, Grandma, go!"

Beseni linakaima pamulu wa sinowo kumunsi, amayi n'kugudubukiramo. Ine ndinagwira mimba, ndikuganiza kuti pemphero langa lija lawathyola amayi msana.

A Cedric anathamanga ngati mnyamata. Koma atafika pafupi anakumbukira kuti awa ndi apongozi, sangawagwire. Ananjuta chapatali m'sinowo momwemo, akuwomba m'manja, amvekere, "Pepani apongozi, kaya mwavulala?"

Kenako tinamva kuseka. Kuseka kuja kwa amayi kochokera m'mimba, kumene amamaliza ndi chifuwa, kumene ine sindinakumvepo chimwalirireni abambo. Anadzuka okha, sinowo ili mbuu kumaso, n'kuwauza a Cedric kuti, "Apongozi, m'malo mowomba m'manja tanyamulani beseni tikwere. Ndikufuna ndibwereze, ulendo uno ndione kumene ndikupita."

Anabwereza mpaka ndinaleka kuwerenga. Ana anasiya timbale tawo n'kuima pamzere kupempha beseni. Mtsikana wa a Chileshe anakhala pamiyendo pa amayi n'kutsikira limodzi, wina akukuwa m'Chingerezi wina m'Chichewa. Atafika pamwamba pa chitunda amayi anandiuza kuti ali mtsikana ankatsetsereka chonchi pamatope a m'mbali mwa mtsinje wa Mwanza atakhalira khungwa la nthochi, ndipo agogo ankawakwapula chifukwa chong'amba diresi. Iwe unayamba wamvapo zimenezi? Ine ayi.

Mwadzidzidzi anaima, n'kudzigwira pachipumi, n'kuyang'ana dzanja lawo. Amvekere, "Kani thukuta kuno liliko!" Anavula juzi imodzi n'kundipatsa kuti ndiwasungire. Zitenje zija tinabwera nazo kunyumba a Cedric atazisenza ngati matabwa, ndipo zinakaumira pa mipando.

Lolemba madzulo a Cedric anatsegula kompyuta n'kundiuza kuti ndiwafunse amayi tsiku limene akufuna kunyamuka. Ndinapita kuchipinda kwawo. Ndinawapeza akuyang'ana beseni lija, litang'aluka pansi kuchokera uku mpaka uko. Sanandilole n'komwe kumaliza funso. Anati tikitiyo isiyidwe mmene ilili, mdzukulu wawo adzamusambitsa ndi iwo, ndipo sachoka mpaka atamuona akuseka. Ndinawagwera pamiyendo ndi mimba yangayi n'kulira ngati mwana. Iwo anangondisisita pamsana, pomwe paja ndimafuna.

Tsopano m'mawa uliwonse amavala jombo zawozawo zimene tawagulira, n'kupita ndi a Chileshe kukazungulira kanyanja ka kuno. Amabwera mphuno ikuchucha, akudandaula kuti hita yathu ikutentha kwambiri. Akuti azindikira kuti kuzizira kwa kuno kumavutitsa munthu wongokhala.

Ndiye pempho langa ndi ili. Ndikudziwa kuti unali utasesa kale nyumba yawo, ndiponso kuti mbuzi zawo ndi munda uja zakulemetsa pamwamba pa ana ako. Pirira mpaka Meyi, mng'ono wanga. Iwe unabereka ana ako onse amayi ali pambali pako. Ndibwereke ine ulendo uno wokha.

Undiperekere moni kwa alamu, kwa Alvin ndi Alinaswe, kwa azakhali ndi kwa amayi onse a Mvano. Za beseni usawauze, amayi akuti adzafotokoza okha. Mulungu akusungeni nonse ndipo akupatseni mvula yabwino.

Ndikumaliza kulembaku, a Cedric akuvala kuti apite ku Annandale kukagula beseni lina. Amayi angondituma kuti ndiwauze agule awiri. Ndawafunsa ngati adokotala anawanong'oneza za mapasa ine osadziwa. Akuti ayi, la mwana ndi limodzi, linalo ndi lawo, poti amva kuti Lachitatu sinowo igwanso.

Ndine mkulu wako wokukonda,
Callista