Mayina Anayi Omwe Madamu wa pa Fesibuku Ankafuna

GULU LA AMALONDA A PAMSEWU LA TIYESE, PHALULA
Zolembedwa za msonkhano wa komiti

Tsiku: Loweruka, 14 Juni 2025
Malo: Pakhonde pa golosale ya a Matola

Opezeka: a Goliati Nkhoma (wapampando), mayi Bernadetta Likoswe (mlembi), a Lloyd Kachala (woyang'anira tsamba la gulu pa Fesibuku), a Swaibu Matola, mayi Zaina Jafali.
Woitanidwa: mayi Lilian Masamba.
Osapezeka: a Hudson Mwalabu, omwe anapita ku Balaka kukawotcheretsa njinga.

1. Kutsegula

Wapampando anatsegula msonkhano nthawi ya 2:10 masana. Anapempha kuti pemphero likhale lalifupi chifukwa kunali nkhani yabwino. Zolembedwa za msonkhano wapita sizinawerengedwe. Wapampando anati zimenezo tonse tikuzidziwa.

2. Uthenga wa pa Fesibuku

A Kachala anafotokoza kuti pa tsamba lomwe timatsatsirapo matimati, anyezi ndi nyama ya mbuzi panabwera uthenga wochokera kwa mayi wina wodzitchula kuti Madamu Keti. Mayiyu akuimira kampani yakunja yomwe imalemba amayi ntchito yojambulitsa zithunzi ndi mavidiyo, n'kumagulitsa pa intaneti kwa anthu akuluakulu. A Kachala sanabise kuti zithunzizo ndi za osavala. Koma anatsindika mfundo ziwiri: nkhope sizioneka, ndipo kampaniyo imatseka dziko la Malawi kuti munthu wa kuno asathe kuona.

Anati mayi aliyense wolowa adzalandira foni yatsopano. Gulu, chifukwa chopeza anthuwo, lidzalandira malata a shedi yomwe takhala tikuilota zaka zitatu, ndi sola pamwamba pake.

Anthu anaomba m'manja. Wapampando anaimirira n'kuyeza ndi mapazi pomwe shediyo idzafike, kuyambira pa mtengo wa mbawa mpaka pa ngalande. Anati mvula ya chaka chino sidzawoletsanso matimati a munthu. A Matola poyamba anati zimenezi ndi haramu, zoletsedwa m'Chisilamu, ndiponso ankakayika ngati malamulo amalola. Atauzidwa kuti sola adzakhala padenga la golosale yawo, anati ayamba amva kaye mfundo zonse.

A Kachala anawerenga mayina anayi omwe Madamu anasankha yekha pa zithunzi za pa tsamba lathu: Thandizo, Ayisha, Tikondane ndi Lilian. Onse ndi amayi akuluakulu omwe amagulitsa pamsewu. Madamu akufuna manambala awo a foni ndi zithunzi za zitupa zawo pofika Lachitatu. Wapampando analamula mlembi kulemba mayinawo papepala, ndipo mlembi analemba.

Mayi Jafali anafunsa ngati eni mayina afunsidwa. Wapampando anati adzauzidwa komiti ikagwirizana. Mayi Masamba okha ndi omwe anaitanidwa, popeza Madamu anawakonda kuposa onse.

Zilembedwe pano kuti mayi Masamba ndi amasiye, kwawo ndi ku Utale, ndipo anabwera chaka chatha ndi ana awiri. Benchi yomwe amagulitsirapo anapatsidwa mongoyembekezera, sanakhale membala weniweni. Wapampando anawakumbutsa mwaulemu kuti nkhani ya benchiyo ionedwanso mu Julayi, ndipo gulu limayang'ana anthu omvera. Mayi Masamba anati amva.

3. Funso la mayi Jafali

Mayi Jafali anati ali ndi kafunso kakang'ono. Anapempha kuti mawu awo alembedwe momwe anayankhulira: "Malawi atseka, chabwino. Nanga Joni? Kuno nyumba iliyonse ili ndi munthu ku Joni, ndipo mafoni akuluakulu ali komweko. Zobisa nkhopezo musandiuze. Mwana wa pano timamudziwa ndi chipsera cha pamwendo."

Wapampando anati mayi Jafali amakonda kuthira mchenga m'chakudya, komabe analola a Kachala kutumiza funsolo kwa Madamu. Podikira yankho, komiti inakambirana za mtundu wa malata. Wapampando anafuna obiriwira. A Matola anafuna ofiira, kuti mabasi aziona ali kutali. A Kachala anati pakhalenso chikwangwani cha dzina la gulu. Mfundoyi inatenga mphindi makumi awiri ndipo aliyense anali wosangalala.

Foni italira, a Kachala anawerenga yankho mokweza, akumwetulira. Madamu anati dziko la South Africa silitsekedwa, ndipo tisadandaule chifukwa kumeneko ndi komwe kuli makasitomala ambiri. A Kachala anamaliza kuwerenga asakumwetuliranso.

4. Kuunikanso mayina

Wapampando anati ataganiza bwino, dzina la Thandizo lichotsedwe. Anati Thandizo ndi mwana wa mlongo wawo, iwo ndiye mwini mbumba, ndipo mwamuna womufunsira ali ku Durban, chinkhoswe chili mu Ogasiti. Mlembi anafufuta.

A Matola anati Ayisha ndi mlongo wawo bere limodzi, ndipo achimwene awo atatu ali ku Joni. Anabwereza kuti nkhaniyi ndi haramu monga ananenera poyamba. Mlembi anafufuta.

A Kachala anati Tikondane ndi mng'ono wa akazi awo, ndipo zikamveka kunyumba iwo akagona pamsewu. Mlembi anafufutanso.

Panatsala dzina limodzi. Wapampando anati poyambira munthu mmodzi ndi wokwana, mwina tipatsidwa theka la malata. Anati mwayi wake mayi Masamba alibe mwamuna woti angadandaule, alibenso m'bale ku Joni. Anafunsa ngati pali wina woti dzinali ndi la m'bale wake. Palibe yemwe anakweza dzanja.

Mayi Masamba anapempha kuyankhula. Anati: "Zoona, a wapampando, ku Joni ndilibeko munthu. Pano ndaonanso kuti ndilibepo munthu. Ine zimenezi sindikuzifuna, iyayi, mtima wanga ukukana. Koma benchi ija ndi yomwe ikudyetsa ana anga. Lisiyeni dzinalo, amayi mlembi."

Mlembi sayenera kulemba za mumtima mwake, koma zilembedwe kuti anachita manyazi kwambiri. Dzinalo analilemba ndi dzanja lake, ndipo nayenso anaomba nawo m'manja za malata.

Mlembi anafufuta dzina lachinayi. Wapampando anafunsa kuti wafufuta ndi mphamvu yanji, popeza ochotsa dzina ndi achibale okha. Mlembi anayankha kuti Lilian ndi mng'ono wake. Wapampando anafunsa kuti ubalewo unayamba liti, poti mlembi ndi wa pano ndipo mayi Masamba ndi a ku Utale. Mlembi anayang'ana wotchi n'kunena kuti unayamba nthawi ya 3:25. Mayi Jafali anati iwo ndi mboni, ndipo ngati pakufunika azakhali, ndi iwowo.

Mayi Jafali anapereka ganizo loti mayi Masamba akhale membala weniweni lero lomwe, nkhani ya benchi ithere pompo. Mlembi anavomereza. Okweza manja anali atatu: mayi Jafali, mlembi ndi a Matola, omwe anakweza atayang'ana pansi. A Kachala anali otanganidwa ndi foni. Wapampando sanavote. Ganizolo linadutsa, ndipo mayi Jafali analuluta mpaka basi ina inaima poyesa kuti pali ukwati. Mayi Masamba analira.

5. Zina ndi zina

A Kachala anafunsa chomwe amutumizire Madamu Lachitatu. Mayi Jafali anati atumize chithunzi cha wapampando, popeza ndiwo akuwafunitsitsa malatawo. Wapampando anati mawu amenewo ndi osalongosoka. Komiti inagwirizana kuti Madamu atsekedwe pa tsamba lathu, ndipo chithunzi cha munthu chisamaikidwe mwini wake asanalole.

Wapampando anapempha kuti mfundo 4 isalembedwe. Yalembedwa.

6. Kutseka

Msonkhano wotsatira udzakhala Loweruka, 12 Julayi 2025, pamalo omwewa, ndipo zolembedwa zino zidzawerengedwa mokweza. Msonkhano unatsekedwa nthawi ya 3:50 masana.

Goliati Nkhoma ............................
Wapampando

Bernadetta Likoswe ............................
Mlembi, mkulu wake wa Lilian