Firiji Ndinazimitsa Ndine

Achemwali,

Musatsegule firiji musanakhale pansi. Dzana muli ku ulendo, ndinkajambula filimu yanga ya mpikisano wa ana asukulu ija. Firiji inkalira kwambiri moti mawu anga, ochepa kalewa, sankamveka. Ndiye ndinaizimitsa. Zoyatsanso mutu wangawu unaiwala.

Nkhuku munasungira apongozi anu ija yatisiya kachiwiri. Madzi ndakolopa, koma fungo lakana kusamuka. Chonde tsegulani mawindo, mugule nkhuku ina apongoziwo asanafike. Pepani, mbale za mwezi uno nditsuka ndekha.

Ndapita kuholo kumene akuonetsa mafilimuwo. Sikuthawa ayi, kungoti ndatuluka mothamanga. Mtima ukatsika mubwere, ndilibe wina wondiombera m'manja.

Mukafika mufunse filimu yotchedwa "Mwana Wodalirika."

Ndine mng'ono wanu uja