Phulusa m'beseni la mphaka wako

Wokondedwa mwana wanga Esinati,

Landira moni wochokera kuno ku Chitawira. Ine ndili bwino, bondo lokha lija ndilo silikundipatsa mtendere. Kaya iwe ku Joni kumeneko?

Nkhani ndi ya mphaka unandisiyira uja. Analeka kudzithandiza m'beseni lake la mchenga, n'kuyamba kuwononga m'maluwa a eni nyumba. Iwo anati, "Agogo, akabwerezanso, mphakayu achoke pano."

Ndinakhala pansi n'kudzifunsa kuti ndasintha chiyani. Ndiye ndinakumbukira. Ndinkathira phulusa mumchengamo kuti fungo lithe, monga tinkachitira m'chimbudzi kwathu ku Nsanje. Komanso besenilo ndinalisunthira pakhomo podutsa anthu. Wolakwa ndinali ine.

Ndinataya zonse, ndinatsuka ndi madzi okha, ndinathira mchenga watsopano, n'kulibwezera kuseri kwa chitseko. Tsiku lachiwiri ndinamumva akukwirira.

Inenso, mwanawe, nditangofika m'tauni muno ndinatha mwezi ndikuopa chimbudzi chokhalira chija, koma palibe anandithamangitsa.

Unditumizire mankhwala opaka pabondo. Mphaka wako udzamupeza. Mulungu akusunge.

Ndine mayi ako.