Kompyuta Yadziwa Mayi Aang'ono

Lolemba, 3 Malichi

Sabata yomaliza yondiyesa ntchito. Lachisanu abwana anena ngati ndikhale kapena ndilongedze. Tikupanga pulogalamu ya pageti la sukulu ya mkaka, yoti mwana azituluka ndi kholo lake lokha. Wandevu, katswiri wathu wa makompyuta, wandipatsa ontoloje yake kuti ndingokonza kalembedwe ka mawu. Kalembedwe! Ine amene ndinaswa mutu ndi filosofi ku koleji.

Lachiwiri, 4 Malichi

Takangana ndi Wandevu mpaka tiyi kuzizira. Ndamuuza kuti ku filosofi ontoloje ndi funso lakuti, kodi chilipo n'chiyani? Iye akuti kwawo ndi kungouza kompyuta mitundu ya zinthu ndi ubale wake: mwana, mayi, bambo. Chimene sunaiuze, kwa iyo kulibe.

Ndiye ndafunsa, nanga mayi aang'ono? M'dziko lakelo mayi ndi womubereka mwana basi. Akuti, "Asisi, zafilosofizo muzizisiya pakhomo." Ndapsa mtima zedi. Anandilera ine ndi mayi aang'ono, ndiye akuti kulibe?

Lachitatu, 5 Malichi

Ndalemba ontoloje yanga mwakachetechete. Kubereka pakepake, kulera pakepake, koma onse awiri ndi mayi.

Lachinayi, 6 Malichi

Lero ndiye lero! Tinapita kukaonetsa kusukulu kuja. Aphunzitsi aakulu anati ayese okha ndi kamtsikana kamene akulera, ka malemu akulu awo. Anaika chala pamakina a pageti. Nyali yofiira, pagalasi palembedwa "Mlendo". Kamwana kali gwa! siketi yawo.

"Ine mlendo kwa mwana wanga?" anatero.

Wandevu thukuta kamukamu. Abwana maso pansi. Ine ndinati, "Bwana, ndili nayo ina." Anangogwedeza mutu. Ndinaika yanga, ndinalemba kuti aphunzitsiwa akulera mwanayu. Chala kachiwiri. Yobiriwira! "Mayi." Geti linatseguka, kamwana n'kuwakokera kunja.

Ndinafuna kululuta koma ndinadzigwira. Pobwerera Wandevu anangoti, "Ndiye azakhali tiwaika pati?" Eya, wayamba kufunsa bwino mnyamatayu.

Lachisanu, 7 Malichi

Abwana sanandiitanire n'komwe mu ofesi. Andipeza pasinki ndikutsuka kapu ya alendo imene ndakhala ndikumwera.

"Iyo isiyireni alendo," atero. "Lolemba mubwere ndi yanu."