Malaya Oyera a Bambo

Toledo, Ohio

Mlongo wanga Wendell,

Ndikhulupirira uli bwino ku Tucsonko pamodzi ndi mlamu Yolanda ndi ana. Kuno tilipo, kuzizira kwayamba. Foni suyankha, ndiye ndati ndichite kulemba.

Bambo akutuluka m'chipatala cha mafizo Lachisanu la sabata yamawa. Usafulumire kusangalala. Chiwagwirireni sitiroko ija, mwendo wakumanzere akuukokabe ndipo dzanja silinabwerere.

Pamalopo wodwala akangofika amamuyesa kudya, kuvala, kudzuka pabedi ndi kupita kuchimbudzi. Chilichonse chili ndi malikisi. Malikisiwo ndi amene amamuika m'gulu, ndipo gulu lililonse lili ndi masiku amene amayembekezera kuti munthu agone m'chipatalamo komanso ndalama zimene a inshuwalansi amapereka. Wolephera zambiri amakhalitsa. Ine izi ndazidziwa mochedwa.

Tsiku loyesalo Mayi analawirira. Ukuwadziwa, mwamuna wawo saonekera kwa alendo ngati wosowa mwini. Anawameta ndevu, kuwaveka malaya oyera a kutchalitchi aja, n'kumanga mabatani mpaka m'khosi. Mayi woyesa atalowa anafunsa kuti wawaveka ndani. Bambo anamufunsa ngati akuoneka ngati khanda, akuti zaka zonse anagwira ntchito pafakitale ya magalasi palibe anawamangirapo batani. Mayi athu anangoyang'ana pawindo. Kuchimbudzi Bambo anakana kugwiridwa, anadzikoka okha atalumira mano, kenako anagona tsiku lonse ngati chipika.

Anawaika m'gulu la odwala pang'ono.

Ndinapita kwa woona za otuluka. Anandilandira bwino, koma anati zotsatira za mayeso aja zinatumizidwa kale kwa a inshuwalansi. Akuti ndingathe kudandaula, kungoti yankho lingadzatipeze tili kunyumba. Nditawauza Bambo anaseka, akuti ndiye kuti mayeso anakhoza. Mayi anati ndisiye kuchititsa manyazi bambo anga kwa anthu.

Nyumba ija ukuidziwa, chipinda chogona ndi bafa zili pamwamba. Msana wa Mayi ndi womwe uja. Ine tchuthi changa kuntchito chinatha. Lolemba ndinayesa kuwadzutsa Bambo pampando ndekha, tonse tinatsala pang'ono kugwa. Ndikuopa, Wendell. Akadzagwa pamasitepe paja ali awiri ndi Mayi, woimba foni sadzakhalapo.

Bwera. Maluwa usatumizenso, adzaza kale pawindo. Pakufunika kutsitsira bedi pabalaza, ndiponso munthu wamphamvu woti aziwanyamula mpaka tipeze wothandiza. Ukawaimbira akuuza kuti ali bwino kwambiri. Anapusitsa chipatala chonse, iwe ndiye sungawavute.

Dzulo ndinawapatsa malaya aja kuti amange okha batani limodzi. Analimbana nalo mpaka khofi wawo anazizira. Kenako anandiuza chapansipansi kuti nditseke chitseko, anthu angaone.

Mulungu akusunge. Undiperekere moni kwa mlamu ndi ana.

Ndine mlongo wako,
Loretta